Tiyi wa Alonda

Tsiku limene alonda a pasitolo yaikulu anamuthyola zala ziwiri, Wamasokosi sanalire. Anatola masokosi ake m'matope ndi dzanja lamanzere. Anthu ankangodutsa. Wina anaponda peyala ya masokosi oyera, osapepesa.

Dzinalo linachokera ku malonda akewo. Mayeso omaliza sekondale anali atalephera kawiri. Mkulu wake, amene ankamusunga, sankabisa mawu: "Mng'ono wanga, mutu wako ndi wa mumsewu. Usavutitse mapepala."

Anawavutitsabe. Analemba kachitatu, cholembera chili pakati pa zala zopindika, ndipo anakhoza. Kenako anamva za bungwe loteteza ufulu wa anthu m'maiko angapo oyandikana. Linkatenga ophunzira ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mmodzi yekha ndiye ankalembedwa ntchito pamapeto. Anafunsira katatu, anamukana katatu. Kachinayi anamutenga, mwina chifukwa chotopa naye.

Musaganize kuti anamulandira ndi manja awiri. Anzake anali a madigiri, ndipo ankalowa m'chipinda cha misonkhano. Iye anamuika pa makina okopera mapepala. Miyezi isanu ndi umodzi, palibe anamufunsa maganizo.

Sabata yomaliza, loya wamkulu, yemwenso anali wosankha wolembedwa ntchito, anamupatsa lipoti kuti akope. Linali la ogulitsa malonda mumsewu amene anadandaula za kampani ina ya alonda. Makina akulira, iye anawerenga: "Odandaula onse asanu ndi anayi avomereza kuti alonda anawalowetsa m'kachipinda n'kuwapatsa tiyi. Palibe umboni wa nkhanza. Nkhani itsekedwe."

Magazi ake anawira. Mumsewu, tiyi wa alonda sabwera m'kapu. Ndi ndodo ndi nsapato. Akati wamkaka, ndiye kuti munthu anatuluka chokwawa.

Mlembi wa muofesi anamuona nkhope, n'kumugwira mkono. "Asisi, mezani malovu. Lachisanu akusankha. Mukawatsutsa bwana pagulu, mwadzichotsa nokha."

"Ndamva," anatero Wamasokosi.

Analowa mumsonkhano wa loya ndi a madigiri aja osagogoda.

"Bwana, tiyi ameneyu munafunsa kuti anali m'kapu yanji?"

A madigiri anaseka. Mmodzi anati, "Akufuna adziwenso za shuga."

"Mayi, makina akukudikirani," anatero loya.

"Adikire." Anaika dzanja lake lamanja pamwamba pa lipotilo. "Tiyi ndi ameneyu. Ine ndinamwa wopanda mkaka. Anthu anabwera kuno ndi mabala, anakuuzani zoona m'chilankhulo chawo, inu n'kulemba kuti anawachereza. Kumenyedwa kamodzi sikunakwane? Mukufuna muwamenyenso ndi cholembera?"

Kuseka kunatha. Loya anavula magalasi.

"Tulukani."

Anatuluka. Kunyumba mkulu wake anangoti, "Pakamwa pakopo. Ndinanena ine."

M'mawa mwake anasita bulauzi n'kupitanso. Palibe anali atamupatsa kalata yomuchotsa, ndipo iye sankafuna kuwapeputsira ntchito.

Pabenchi ya m'khonde anapeza anthu asanu ndi anayi aja. Loya anali atawaitanitsa. Loyayo anamuyang'ana Wamasokosi osamwetulira.

"Afunseni inuyo. Ine ndizilemba."

Wamasokosi anayamba ndi bambo wogulitsa malamba. "Achimwene, tiyi uja anali wotani?"

"Wamkaka, mlongo wanga. Makapu atatu."

"Tionetseni."

Bamboyo anakweza malaya. Cholembera cha loya chinaima m'malere. Kenako chinayamba kuthamanga, ndipo sichinapume mpaka wachisanu ndi chinayi atamaliza.

Nkhani sinatsekedwe. Lachisanu loya sanapepese, pakuti anthu ena kupepesa kumawatsamwa. Anangoloza desiki ya pafupi ndi khomo, pamene odandaula amafikira, n'kunena kuti, "Lolemba muyambire apo. Aliyense wolowa muno aziyamba waonana ndi inu."

Inu amene mukugogoda pamakomo a maofesi, ndipo akukuyang'anani kuyambira kunsapato, imvani. Zimene mavuto anakuphunzitsani, palibe sukulu imene imaziphunzitsa, ndipo tsiku lina zidzafunika m'chipinda chimene lero akukuletsani kulowa. Kukwiya kwiyani, n'koyenera. Koma kukacha dzukani, sitani malaya, mupitenso. Mtima wokhawo musautaye.