Kachitini ka Kopa ka Ababa

Ntchito ya ku famu itatha, ndinawatenga ababa kudzakhala nane m'tauni, kudera lotchedwa Unit D. Anabwera ndi njinga, pampu yoberekera kumsana yopopera mankhwala, ndi kachitini ka jamu kochita dzimbiri. M'thumba la jekete munali njere za tomato wamng'onomng'ono wowawasa, mbewu imene amayi ankasunga m'phulusa chaka ndi chaka mpaka kumwalira kwawo. Za imfayo ababa sankayankhulapo. Ankangoti, "Ndikathirire tomato wa amayi ako," n'kupita kuseri kwa nyumba.

Ku famu ntchito yawo inali yopopera kopa, ufa wobiriwira uja woteteza tomato ku chiwawu. Kapitawo anawaphunzitsa chinthu chimodzi basi: kachitini kamodzi, kodzaza. Zaka zonsezo anathira kachitini kamodzi mumgolo waukulu wokokedwa ndi thalakitala. Atafika m'tauni anathirabe kachitini kamodzi, koma m'kapampu ka kumsana. Zotsala ankakhuthulira pabedi pomwepo, ati mankhwala satayidwa.

Zaka ziwiri zoyamba tomato anabereka ndithu. Chachitatu masamba a kunsonga anayamba chikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira, mitengo yake n'kupinimbira. Ababa anati chiwawu chakula mphamvu, nawonjezera kupopera. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawakalipira kuti akundithera madzi, chonsecho pampopi amatuluka mwa apo ndi apo. Ndinafika ponena kuti tomato ngwambwee pamsika wa Chikwanha, asiye kudzivutitsa. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Chaka chachinayi sanakolole n'kamodzi komwe, ndipo njere zinatsala zosadzaza chikhatho.

Ndinaitana mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Anazula mtengo umodzi. Mizu inali yaifupi, yakuda, ngati ndevu zowauka. Atafunsa muyeso, ababa anatulutsa kachitini kaja monyadira. Mayiyo anagwira pakamwa.

Anafotokoza m'Chishona, chiyankhulo cha kuno, pang'onopang'ono, ine ndikubwereza m'Chichewa ngakhale ababa ankamva zonse. Anati tsamba ndiye khitchini ya mbewu: kubiriwira kuja n'kumene kumagwira dzuwa n'kuphika chakudya. Kopa pang'ono mbewu imamufuna, koma akachuluka amakhazikika m'nthaka, sachoka ndi mvula. Amawotcha mizu, amatsekereza chitsulo cha m'dothi chimene tsamba limapangira kubiriwira. Ndiye mbewu imafa ndi njala dzuwa likuwala.

"Mankhwala obiriwira angachotse bwanji kubiriwira?" anafunsa ababa.

"Sekuru, muyeso wanuwu ndi wa mgolo," anatero mayiyo, kuwatchula kuti agogo m'Chishona.

Ababa anakhala pansi pa njerwa, n'kumatembenuza kachitini m'manja. Ndinkayembekeza kuti atsutsa, pakuti pa nkhani ya tomato sankagonjera munthu. Koma anangoti, "Palibe anandiuza kuti kachitini kamayendera mgolo. Ankangoti thira." Kenaka anandiyang'ana. "Ndiye kuti tomatoyu ndamupha ndine."

Mkwiyo wanga wonse unachoka pa iwo n'kupita kwa anthu amene anagwiritsa munthu ntchito mpaka imvi osamuuza chifukwa chake. Ndinawamvera chisoni ababa anga kuposa tsiku la maliro.

Loweruka lotsatira ndinakwera kombi kupita kumidzi ya ku Seke, n'kubwerako ndi matumba awiri a dothi la kukhola. Kondakitala anadandaula za fungo njira yonse, ine n'kumuuza kuti atseke mphuno. Tinafesa njere zija m'zidebe zakale, kutali ndi bedi lija. Zinamera zisanu ndi imodzi.

Masamba achitatu atatuluka, ababa ankawatembenuza m'mawa uliwonse kufunafuna chikasu. Sichinabwere. Tsiku lina anandipatsa kachitini kaja, atakatsuka mbee.

"Nditaye?" ndinafunsa.

"Ayi. Uthiremo phulusa," anatero. "Tomato wa amayi ako akapsa, njere tidzasunga m'menemo."