Filimu ya m'jekete lanu

Achimwene, chimwalirireni inu jekete lanu lija sindinalikhudzepo. Koma dzulo nditalitenga, m'thumba ndinapezamo filimu yosatsuka, n'kupita nayo ku situdiyo ku Liwonde. Eni ake anangoitembenuza, amvekere, "Iyayi mayi, zotsuka izi tinasiya kalekale. Pafoni mulibe?"

Ndi ija ya chaka cha njala, kukapaki kaja ku Balaka, anthu atathothola mango onse osakhwima kukaphika. Inu munkajambula mitengo ndi mabenchi opanda anthu, ine ndikukalipa kuti mukuwononga filimu. Kenaka munati, "Khala apo, ufufumitse masaya, amayi kumudzi asadziwe kuti wawonda." Ndinafufumitsa. Amayi anapita osachiona chithunzicho, inunso chimodzimodzi. Filimuyo ndaibwezera m'thumba muja. Ndikadali momwemo, nditafufumitsa masaya.