Tambala wanga m'msuzi wa ku Japani

Mwana wanga wamwamuna anabwela kuchokela ku sukulu ku Lusaka ndi zinthu ziwili: pepala limene linamupezetsa ntchito pa boma pano pa Lundazi, ndi chikhulupililo chakuti ife tonse, kuyambila makolo athu, sitinadziwepo kuphika. Choyambacho ndimathokoza nacho Mulungu mpaka lelo. Chachiwilicho ndi mtanda umene Ambuye anaona kuti ndingausenze ndekha, popeza amuna anga anali atapita kale kukapumula.

Chakudya chimene chinamugwila mtima chinali lameni, cha anthu a ku Japani. Anachilawa kamodzi ku Lusaka, kenaka foni inamaliza kumuphunzitsa. Kwa inu amene Mulungu wakutetezani kuti musachione, ndi tizingwe ta ufa wa tiligu tosambila m'msuzi wambili, pamwamba dzila lodula pakati ndi timasamba. Tizingwe teniteni kuno kulibe, ndiye iye ankawilitsa supageti m'madzi othila soda, yomwe ija timaphikila thelele, nkumati zafanana. Zafanana ndi chiyani sindinganene. Ku Japani sindinapiteko, ndipo iyenso sanapiteko.

Ndinkamuleka. Munthu wamkulu wa pa ntchito akafuna kuvuula supageti ndi timitengo, amayi ake alibe mlandu.

Koma chaka chimenecho panali nkhani yaikulu. Mnyamatayo anali atakonda mtsikana wa ku Chikomeni, namwino, mwana wofatsa ndi woopa Mulungu, amene ndinayamba kumupemphelela ndisanamuone nkhope. Ankhoswe athu anapita kwawo kukafunsila, nabwela ndi yankho lakuti tidzaona. Atate ake a mtsikanayo, mlimi wa fodya ndi chimanga, sankawakhulupilila anyamata a m'tauni, makamaka a ife ochokela ku Chipata. Ankati manja awo ndi osalala ndipo ulemu anausiya m'minibasi. Ndiye tsiku lina anatumiza mawu kuti akubwela pa boma kudzagula mbewu, ndipo adzapatukila kwathu kudzamwa madzi. Munthu sachoka ku Chikomeni kudzamwa madzi pa boma ngati kuti kwawo zitsime zauma. Ankabwela kudzaona nyumba imene ikupempha mwana wake.

Ndinali ndi tambala wofiila, wamkulu, amene ndinkamusungila tsiku longa limenelo. Koma m'mawa wa tsikulo kunali kuika malilo a mayi wina wa mumpingo mwathu, ndipo ife a chigwilizano cha amayi sitikanakhala kunyumba. Ndinamuuza mwana wanga mawu osavuta: ipha tambala, umusosole, umuvindikile m'mbale, zotsala ndidzachita ndekha. Anavomela ndi nkhope yowala. Ndikanayenela kuiopa nkhopeyo.

Nditabwela masana, fungo la jinja ndi adyo linandilandila ndili pa mseu. Kuseli kwa nyumba mbaula inali yofiila, thumba la malasha litagona pansi lopanda kanthu, ndipo mwana wanga, munthu wa mu ofesi, ali chikhalile pa kampando akukupiza moto, maso ali psu. Tambala anali mumphika chichokele ine. Anamuthila kapenta, akuti m'malo mwa tinsomba touma ta ku Japani, namuphwanya mafupa kuti mafuta a m'kati atuluke, kenaka anasefa zonse pa kansalu kanga koyela kovindikila makapu a alendo. Mumphika munatsala madzi otuwa. Anandionetsa monyadila, nati mphamvu yonse ya tambala ili m'menemo.

Ambuye wathu anasandutsa madzi kukhala vinyo kuti eni ukwati asachite manyazi. Mwana wanga anasandutsa tambala kukhala madzi kuti ukwati usachitike nkomwe.

Ndinafunsa kumene kunali nyama. Analoza beseni pansi pa tebulo. Munali phala la minofu yoyela ndi mafupa osweka, zimene iye ankati zatha ntchito. Ndinayang'ana m'besenimo ngati mneneli uja anaimikidwa m'chigwa cha mafupa, koma ine sindinapatsidwe mawu oti ndinenele. Nkhuku zina zinali za anapiye, ndipo nthawi yothamangitsa nkhuku panalibenso, chifukwa pa geti panamveka odi.

Mkuluyo anali wamtali, wovala jekete ngakhale dzuwa linali kuswa mutu. Tinalonjelana m'Chitumbuka, monile amama, yewo adada, kenaka iye mwaulemu anasinthila ku Chinyanja poona mmene lilime langa linkapunthwila. Tinakamba za mvula ndi za malilo aja. Ndinamusambitsa m'manja, ndipo iye anasamba bwinobwino mpaka m'zigongono, ngati munthu amene akudziwa kuti amuphela nkhuku. Pamenepo mwana wanga analowa ndi mbale yakuya, naika pa tebulo pamodzi ndi timitengo tiwili ta nsungwi timene anasema yekha.

Kwathu mnyamata wofunsila amakhala patali ndi apongozi ake, maso pansi, mawu ochepa. Wanga ananjuta pafupi nayamba kuphunzitsa. Anafotokoza kuti dzilalo ndi losapsa pakati mwadala. Anaonjeza kuti ku Japani munthu amamwa msuzi mochita phokoso, kuti wophika amve kuti walemekezedwa, ndipo anasonyeza ndi milomo mmene amachitila.

Ndinapempha kuti tipemphele. Sindinapemphelepo pa chakudya nthawi yaitali chotelo. Ndinatchula odwala, ofedwa, mvula, atsogoleli, a paulendo, ndipo pansi pa mawu onsewo mtima wanga unkanena chinthu chimodzi: Ambuye, mtsikana uja musatilande chifukwa cha mphika. Nditatsegula maso, lameni anali pomwepo.

Mkuluyo anakankhila timitengo pambali napempha supuni. Anavundula pang'onopang'ono mpaka pansi pa mbale, ngati munthu wofufuza chinthu chogwela m'chitsime. Analawa kamodzi. Kenaka anaika supuni pansi.

“Amama, msuzi ndauona,” anatelo. “Nanga mwini msuzi wapita kuti?”

Mwana wanga anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana mmene ndinkamuyang'anila m'tchalitchi ali wamng'ono, ndipo anatseka.

Funsolo silinali la njala. Nkhuku ya mlendo wolemekezeka imafika pa tebulo ndi ziwalo zake zonse, ndipo pamwamba pamakhala nthutumba, kuti mlendo adziwe kuti yaphedwa chifukwa cha iye, si zotsala za dzulo. Mbale ya msuzi wokha inali kumuuza kuti nyama tadya tokha, iye tamusiyila madzi otsukila mphika. Mdyelekezi, amene sachedwa pa nthawi zotele, anandinong'oneza kuti ndinene kuti uwu ndi woyambila chabe, nkhuku ili pa moto, kenaka ndithamange kwa aneba. Koma bodza pa tsiku loyamba la chibale ndi maziko a pa mchenga.

Ndinapita kukhitchini, ndinatulutsa beseni lija, ndi kuyamba kufufuza ndi zala ngati mayi uja wa m'fanizo la Ambuye amene anasesa nyumba yonse nyale ili m'manja kufuna ndalama yotayika. Minofu inkasungunuka m'manja. Koma pansi, pakati pa mafupa, ndinakhudza kanthu kolimba. Nthutumba! Inali itakhwinyata, yakuda, koma yathunthu. Moto wa tsiku lonse ndi nzelu zonse za ku Lusaka zinailephela.

Ndinaiika pa mbale yanga yabwino, zotsala za tambala pambali pake, ndipo ndinagwada pamaso pa mlendoyo. Ndinamuuza zonse mmene zinalili: kuti tambala anali wake, kuti anaphedwa m'mawa womwewo, kuti mwana wanga anamuwilitsa mpaka kumutha pofuna kupatsa mlendo chinthu chimene iye amachiyesa chapamwamba kuposa zonse, ndi kuti ine ndinabala mwanayo koma si zonse za m'mutu mwake zimene ndinaikamo ine.

Mkuluyo anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anatenga nthutumba, natafuna osafulumila. Kenaka anafunsa mnyamatayo ngati anakhaladi pa moto kuyambila m'mawa osachokapo. Iye anavomela, tsopano maso ali pansi.

“Waulesi sakhala pa mbaula tsiku lonse chifukwa cha mlendo,” anatelo mkuluyo, akulankhula kwa ine. “Chomusowa ndi nzelu chabe. Koma mwana wanga ali nazo zokwanila anthu awili.”

Anamwa msuzi theka, mwakachetechete ngati munthu woleledwa. Dzila sanalikhudze. Pomupelekeza pa geti anandiuza kuti ankhoswe abwelenso, ndipo potsanzika sanati amama. Anati m'Chitumbuka, “Khalani makola, asewele,” dzina limene timaitanana makolo ana athu akakwatilana. Ndinaima pa getipo mpaka anakhota, ndikuyamika Mulungu.

Mwana wanga mpaka lelo amachitila umboni kwa anzake kuti mkazi anamupeza ndi lameni. Ine sindimutsutsa. Mulungu amene analankhulapo kudzela pakamwa pa bulu sakanalephela kugwila ntchito ndi mphika wa mwana wanga.