Tiwonenge ndi jekete la a Gray

Pa Uliwa aliyense amawadziwa a Manase Mwalweni. Amene sadziwa dzina amadziwa mayendedwe: munthu wamtali, woonda ngati bango, woyenda m'mbali mwa msewu waukulu ngati akuyendera mpanda wa bwana. Unyamata wawo unathera ku Mzuzu, komwe anali mlonda pa kampani ina yolondera ndi agalu. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi mkazi wawo Dora, jombo zakutha, wenzulo ya pakhosi, ndi chikhulupiriro chakuti padziko pano palibe galu wopusa, opusa ndi eni ake. Amalima mpunga ku Wovwe monga tonsefe, koma mukawafunsa za mpunga amakuyankhani za agalu.

Dora ali ndi mchimwene wake, a Gray Gondwe, amene amathandiza amalonda kuolotsa katundu pa chipata cha Songwe. A Gray ndi munthu wa jekete. Kuno ku Karonga dzuwa limathamangitsa ndi mbuzi zomwe kukabisala pansi pa malole, koma iwo amavala jekete la mandalasi ang'onoang'ono, mtundu umodzimodzi chaka ndi chaka, logula ku Mbeya, lothira mafuta onunkhira amene amafika pamalo mwini wake asanatsike galimoto.

Udani wa awiriwa unabadwira pa ukwati wa mng'ono wake wa Dora. A Manase anali ndi galu wokalamba, Bobo, amene anabwera naye kuchokera ku Mzuzu. Tsikulo anamusiya kunyumba, koma fungo la nyama linamuitana. Analowa pansi pa tebulo la alendo olemekezeka, nakoka nsalu, mbale ya nkhuku n'kukhuthukira pa jekete la a Gray. A Gray anamumenya theche la m'nthiti galuyo, kenaka n'kulanda maikolofoni kwa mwamuna wochititsa pelekanipelekani.

"Shemeji wanga uyu anakhala zaka zambiri ndi agalu ku Mzuzu," anatero, kutchula mlamu wawo m'Chiswahili. "Lero ndamvetsa. Amene ankamangidwa pa chingwe anali iyeyo."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Gray anavula jekete la msuzi lija, naliponya pa phewa la a Manase. "Tengani, alamu. Mwina galu wanu azikuyesani munthu."

A Manase ananyamula Bobo m'manja, jekete likadali paphewa, n'kutuluka. Bobo sanadyenso bwino kuyambira tsikulo, ndipo mvula isanagwe anamukwirira kuseri kwa nthochi. Akazi a pa mjigo amati a Manase sanalire pa maliro a amalume awo enieni, koma pa dzenje la galu anawaona akupukuta m'maso ndi chipewa.

Pasanapite nthawi anabwera ndi kamwana ka galu kofiirira, kamakutu ogwa, kochokera kwa msodzi wina. Anakatcha Tiwonenge, limene m'Chitumbuka ndi kunena kuti tidzaona. Kwathu kuno dzina la galu ndi uthenga wopita kwa munthu amene sufuna kumuyankha pamaso, choncho palibe amene anafunsa kuti tidzaona chiyani. Dora yekha ndiye anawachenjeza kuti mkwiyo wosunga umawola ngati nsomba ya m'thumba. Iwo anangoti akuweta galu basi.

Kuphunzitsa kwa a Manase kunasanduka kanema wa ulere wa pamudzi. Ankayamba m'mawa dzuwa lisanakwiye, kwa kanthawi kochepa, chifukwa ati galu akatopa amaiwala ngati mwana wa sukulu wanjala. Ndodo sankagwira. Ankati galu womenyedwa amamvera ndodo, ndipo tsiku loiwala ndodo kunyumba ndiye kuti waiwalanso galu. Chida chawo chinali usipa wouma wa m'thumba la malaya. Tiwonenge akangokhazika matako pansi, usipa unkafika pakamwa nthawi yomweyo, osadikira, kuti adziwe chimene walipidwira. Malamulo onse ankaperekedwa m'Chichewa: khala, gona, bwera, siya. Ati Chitumbuka n'chocheza, Chichewa n'cha ntchito. Dora ankadandaula kuti ndiwo za pabanja zikuthera fizi ya galu, ndipo amphaka a pamudzi ankawatsatira a Manase mpaka kutchalitchi.

Koma panali phunziro lina limene linkachitikira kuseri kwa nthochi, pafupi ndi manda a Bobo. A Manase anabweretsa chidole choopsezera mbalame kuchokera kumunda wa mpunga, nachiveka jekete la a Gray. Wenzulo ikalira kawiri mofulumira, Tiwonenge ankathamanga, kugwira m'munsi mwa jeketelo, osaluma thupi, n'kukoka mpaka litavuka. Akatero ankalibweretsa pa mapazi a mbuye wake, n'kukhala pansi kudikira usipa. Cholinga chinali chimodzi: tsiku lina, pamaso pa gulu, a Gray adzavulidwe jekete ndi galu, anthu adzaseke monga anasekera pa ukwati.

Dora anauzidwa kuti ndi phunziro logwira akuba. Sanatsutse, koma anati n'zachisoni kuti jekete labwinobwino likuthera dzuwa pa mtengo pomwe amayi ake akunjenjemera m'mawa uliwonse. Amayi akewo, a NyaKaluwa, ndi munthu yekhayo m'boma lonse la Karonga amene amamva kuzizira mu Okutobala. A Manase sanamve n'komwe. Phunziro litakhwima, anakankhira chidolecho kuseri kwa nkhokwe n'kuchiiwala.

Mwayi unabwera kudzera mwa mayi Lois, mlangizi wa ziweto wochokera ku Dedza. Mayiyu ankavutika chaka chilichonse chifukwa anthu sankabweretsa agalu ku katemera wa chiwewe. Chaka chimenecho analengeza kuti katemera akatha padzakhala mpikisano wa galu womvera, pa bwalo la mpira, ndipo wopambana adzalandira unyolo watsopano ndi beseni. Amene ananong'oneza ganizoli sitikumudziwa, koma a Manase anaonedwa akutuluka mu ofesi ya mayiyo akumwetulira, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

Kunatsala kukoka a Gray. Iwo anali ndi chigalu chachikulu cha ku Mbeya, Komando, chimene ankachitsekera m'bokosi la matabwa tsiku lonse ndi kuchidyetsa phala la tsabola kuti chikhale cholusa. A Manase anangonena pa malo ometera, motsitsa mawu, kuti amva kuti Komando amaopa nkhuku. Mawu a pometera sagona panjira. Sabata isanathe a Gray anatumiza uthenga kuti abwera, ndipo anthu abweretse ana awo kuti adzaone galu weniweni.

Tsikulo bwalo linadzaza. Agalu anabwera omangidwa ndi zingwe za njinga, luzi, ena m'matumba. A NyaKaluwa nawo anabwera kudzaona mwana wawo Gray, amene sawayendera kawirikawiri, ndipo anawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Apa mumvetse mwambo wathu: mkweni, ndiye kuti mkamwini, sayang'ana apongozi ake aakazi. A Manase atamva kuti afika anagwada patali, maso pa jombo zawo, napereka moni kudzera mwa Dora. Kuyambira pamenepo khosi lawo silinatembenukire kumtengo wa mango m'mawa wonse. Pa nkhani ya ulemu munthuyu sanalakwepo.

A Gray anatsika galimoto, ndipo mtima wa a Manase unagwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mlamu wawo anabwera atavala sikipa, ati kuti agwire bwino unyolo wa Komando. Koma mafuta onunkhira aja anali pomwepo, akuyenda patsogolo monga mwa masiku onse, ndipo a Manase anadzilimbitsa mtima kuti mphuno ya galu siinama. Ngati palibe jekete, Tiwonenge akoka sikipa.

Mayeso anali osavuta kuwanena. Galu ayende pambali pa mwendo wa mwini wake popanda chingwe. Kenaka akhale pansi, amuikire mbale ya nyama yootcha patsogolo, mwini wake ayende mpaka pa golo n'kubwerera, galuyo osasuntha. Galu woyamba anadya nyamayo mwini wake asanatembenuke. Wachiwiri anathawa ndi mbale yomwe. Wa a Ambokile, wogulitsa makala, anakhala bwinobwino, koma zinadziwika kuti wagona tulo.

Komando atatulutsidwa m'galimoto anaima, akuphethira. Chigalucho chinali chisanaonepo dzuwa la masana kapena anthu ochuluka chotero. Mwana wina atayetsemula, chinakokera a Gray pansi n'kukwawira kunsi kwa galimoto, ndipo chinatuluka mpikisano utatha.

Tiwonenge anachita zonse ngati akuwerenga. Anayenda phewa lake likukhudza bondo la a Manase. Nyama itaikidwa anayang'ana kumbali ngati mkulu wa mpingo podutsa pa bala. Anthu anaomba m'manja, mayi Lois n'kupereka unyolo ndi beseni.

Zikanathera pamenepo, bwenzi a Manase atagona mokhuta. Koma a Gray anadzisasa fumbi, nakaima mu mthunzi wa mango, n'kukweza mawu. "Wanga ndi wa usiku, sagwira ganyu ya masana. Zabwino zonse, shemeji. Beseni limenelo muzisambiramo nonse awiri."

Anthu anasekanso, kuseka komwe kuja kwa pa ukwati. A Manase anaika beseni pansi. Sanayang'ane kumtengoko, poti apongozi anali komweko. Anangoloza ndi chala kumene kunkachokera mawu, naliza wenzulo kawiri.

Tiwonenge anauluka. A Gray anatseka maso n'kugwira sikipa yawo. Galuyo anawadutsa ngati chitsa. Kumbuyo kwawo, pamkeka, kunali jekete lenilenilo limene analiphunzira miyezi yonseyi, lochapidwa bwino ndi Dora, litavalidwa pamwamba pa chitenje. Anagwira m'munsi n'kukoka. A NyaKaluwa anakweza manja kuitana Mulungu, ndipo kukwezako kunathandiza: anapulumuka m'jeketemo ngati nyemba m'khoko, n'kutsala chagada, mpango uli pambali.

Tiwonenge anadutsa pakati pa anthu, jekete kukamwa, naliika pa jombo za a Manase, n'kukhala pansi mwaulemu kudikira usipa wake. Umboni woposa pamenepo sunafunikenso.

Mlandu unakambidwa tsiku lotsatira pakhomo pa a NyaKaluwa. Sanavulale, kupatula kuti chigongono chinasupuka pang'ono. A Manase anakhala kuseri kwa khitchini, kumene ankamva koma osaoneka, ndipo Dora ankayenda ndi mawu uku ndi uku. A Gray anafuna kuti galuyo aphedwe ndipo mlamu wawo alipe ng'ombe. Mayiwo anawasiya alankhule mpaka malovu atauma, kenaka anafunsa Dora kuti galu ameneyu amalidziwa bwanji jekete lawo. Dora, amene anali ataganiza usiku wonse n'kumvetsa za akuba aja, ananena zonse: za ukwati, za Bobo, za chidole cha kuseri kwa nthochi.

A NyaKaluwa sanayambe ndi mkweni.

"Iwe Gray, majekete uli nawo angati?"

A Gray anati sanawerenge.

"Sunawerenge. Ndipo ine mayi ako langa ndinachita kulandira kwa chidole cha mbalame."

Kenaka anatuma Dora kuseri kwa khitchini. Ng'ombe sakuifuna, ati ilibe ntchito kwa munthu wopanda mano. Mkweni wawagwetsa pagulu, ndipo alipe chinthu chimene chimupweteke. Asiye galu. Asiyenso wenzulo.

Amene anali pafupi amati a Manase anapempha kuti apereke mbuzi, kenaka mpunga wa chaka chonse, koma Dora anabwerera ndi yankho lomwelo. A Manase anavula wenzulo pakhosi, namangirira Tiwonenge pa mtengo wa papaya ndi unyolo wa mphotho uja. Galuyo atafuna kuwatsatira anamuuza kuti khala, ndipo anakhala. Anapita kwawo atanyamula beseni lokha.

Masiku ano Tiwonenge wanenepa. Amagona pa mapazi a NyaKaluwa, ndipo mayiwo aphunzira Chichewa chokwanira kumulamula. Usipa umachokerabe kwa a Manase, kudzera mwa Dora, poti ati galu asaiwale maphunziro. Iwo sanawetenso wina. Amati mtima ulibe malo.

Pa Khrisimasi a Gray anabwera kudzaona amayi awo, atavala jekete latsopano la mandalasi. Atangotsegula kachitseko ka mpanda, Tiwonenge anadzutsa makutu. A NyaKaluwa anangotenga wenzulo ija n'kuiika pamilomo, osaliza. A Gray anaima, nayang'ana galu, nayang'ana amayi awo, kenaka anabwerera m'mbuyo, kuvula jekete pamsewu, kulipinda, n'kulitsekera m'galimoto. Amatero ulendo uliwonse tsopano, ndipo ana a pamudzi amathamangira kukaonerera.

Tsidya lina la msewuwo pali khonde la telala. Galimoto ya a Gray ikangodutsa pa Uliwa, a Manase amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi thalauza lofuna chigamba. Amakhala pa benchi, msana kwa apongozi monga mwa mwambo, nkhope pa galasi la telala loyezera zovala, limene limaonetsa bwinobwino kachitseko ka mpanda. Telalayo akuti thalauzalo walisoka kale mbali zonse, ndipo palibenso poika chigamba.