Kachala ka Mudzatopa

Fungo la tchire lopsa likandipeza, ngakhale lero pamene maso ayamba kuchita nkhungu, mtima umabwerera kumudzi kwa amayi, kumpoto kwa Nsaru, m'chilimwe chimene abambo anachoka. Chaka chimenecho moto unayamba msanga. Chimanga chinali chitalowa kale m'nkhokwe, ndipo anyamata osaka mbewa anayatsa dambo lonse mpaka kumtsinje. Kunatsala lupsa lokhalokha, ziputu zosongoka ngati misomali, ndi phulusa limene kamvuluvulu ankalinyamula masana n'kudzalimwaza pa mbale zoyanikidwa pathandala. Ine ndinali mbusa wa ng'ombe za atsibweni, a Nkhoma, achimwene awo a amayi. Sukulu ndinali ndisanaipondeko. Ndinadzaiyamba mochedwa, ndevu zitayamba kumera.

Abambo, a Mwale, anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nambuma. Munda umene ankalima unali wa amayi, malo a nyumba yathu anawaloza ndi atsibweni, ndipo ife ana tinali mbumba ya atsibweniwo. Amuna awiriwa sindinawamvepo akukangana. Ankapatsana moni wa m'mawa bwinobwino, ankabwerekana nkhwangwa, pamaliro ankakumba manda limodzi. Mkangano wawo unkayenda ndi agalu. Masiku amenewo munthu amene ali ndi mawu osatheka kunena pamaso ankawapereka kwa galu kuti akhale dzina. Abambo anatcha galu wawo Mudzatopa. Akaona atsibweni akudutsa kuseri kwa nkhokwe, ankaimirira pakhonde n'kuitana galuyo mokweza, ngakhale ali chigonere pamapazi pawo pomwepo. Atsibweni sanayankhe ndi pakamwa. Anakatenga kamwana ka galu kumudzi wina, nakatcha Kwanunkuti.

Mudzatopa anali galu wofiira, wamkulu kale, wa nthiti zoonekera. Chimene chinkamusiyanitsa ndi agalu ena chinali kumiyendo yakumbuyo. Pamwamba pa phazi lililonse, cham'kati, panali kachala kena kolendewera, kosaponda pansi, kokhala ndi chikhadabo chopindika ngati mbedza. Ena m'mudzimo ankati galu wotere amaona zimene anthu sitiona, ndipo ndi chifukwa chake amauwa poti palibe munthu. Ena ankanong'ona kuti kachala kameneka n'chizimba: akakasakaniza ndi mankhwala, mwini galu amapusa, amangolima osafunsa kumene fodya wapita. Abambo ankanyadira zala zimenezi, ankazionetsa alendo. Tsiku lina pamowa wa masanje atsibweni anati, "Akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Nanga uyu, ngakhale galu wake zala zachita kusefukira." Anthu anaseka, abambonso anaseka, koma posakhalitsa anadzuka n'kubwerera kunyumba okha.

Tsiku la ngozi, Mudzatopa ananditsatira kubusa monga mwa masiku onse. Masana anadzutsa kanyama m'lupsa n'kukathamangitsa mpaka m'bango, ndipo ndinamutaya. Dzuwa litapendeka ndinatsitsira ng'ombe kumadzi, kufupi ndi dimba la atsibweni. Iwo anali momwemo, akutentha mapesi pa mabedi a nazale ya fodya, utsi woyera uli tolo. Galu anatulukira cha kumeneko akuyenda ndi miyendo itatu. Kachala ka mwendo wamanzere kanali katang'ambika, kakulendewera ndi kachikopa, magazi osakanikirana ndi phulusa ali mwendo wonse.

Abambo anamugoneka pakhonde n'kuyang'ana balalo nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Wadutsa naye kuti?"

"Kudimba, pomwetsa ng'ombe."

"Dimba la yani?"

"La atsibweni."

"Eni ake analimo?"

"Analimo."

Amayi, amene ankapeta mphale pabwalo, anati ndi ziputu zimenezo, lupsa la chaka chino lavulaza ngakhale mbuzi. Abambo anayankha motsitsa mawu kuti chiputu sichisankha chala. Galu ali ndi zala zambirimbiri, bwanji chikadule chokhacho chimene anthu amachifuna? Anati uwu ndi mpeni, koma galu anapulumuka wodulayo asanamalize.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi unasintha m'maso mwanga. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa atsibweni. Anali ndi kampeni ka chigwiriro cha nyanga kamene ankasendera luzi, ndipo ndikakaona ndinkafunafuna magazi pamenepo. Akalowa m'chigafa cha fodya n'kuchedwamo, ndinkadzifunsa chimene akubisa kudenga. Akandipatsa chinangwa chootcha ndinkachinunkhiza kaye. Ngakhale kutsokomola kwawo m'mawa kunkamveka ngati kwa munthu wodziwa kanthu. Abambo anasiya kukadyera limodzi ndi amuna anzawo pansi pa mtengo wa mango, ankati m'mimba simuli bwino. Anayamba kumangirira galu pamzati wa khonde ndi chingwe cha khonje. Akameta, tsitsi ankalitola lonse, osasiya ndi limodzi lomwe pansi.

Bala silinapole. Mudzatopa ankalinyambita kosalekeza, ndipo kachalako kakakodwa pachingwe kapena pamphasa ankalira ngati mwana. Abambo anayesa madzi amchere, anayesa phulusa la zitsononkho. Mwendo unatupa, ntchentche zobiriwira zinayamba kutera, ndipo pakhonde panayamba kumveka kafungo ka nyama yogonera. Galu anasiya kudya madeya. Mmawa wina atsibweni anaima patali n'kunena kuti, "Alamu, galuyu mupite naye kudibi, akamuone adokotala a ng'ombe, angafe." Abambo anathokoza mwaulemu. Atsibweni atachoka, anauza amayi kuti, "Wamva, Nankhoma? Akumudera nkhawa." Amayi anapitiriza kutsuka mphika osadzutsa mutu. Koma galu ankafookerafookera, ndipo pamapeto pake abambo anagonja.

Dibi linali chitsime chachitali cha simenti, chodzaza madzi a mankhwala ophera nkhupakupa, ndipo ng'ombe za midzi yonse yozungulira zinkabwera kudzasambira m'menemo tsiku limodzi. Fumbi linali koboo, abusa akuimba malikhweru, ng'ombe zikudumphira m'madzi n'kutulukira mbali ina zikupemerera. Mankhwalawo ankanunkha mpaka kuwawa kukhosi. Ine ndinakusa ng'ombe za atsibweni, abambo akubwera pambuyo atanyamula Mudzatopa paphewa ngati mbuzi yopita kumsika. Atsibweni analiponso, poti ng'ombezo zinali zawo.

Adokotala a ng'ombe anali bambo wamfupi wovala kabudula wa khaki. Anatidikiritsa mpaka ng'ombe zonse zitatha. Atagwira mwendo wa galu anati kachalako sikangabwerere, kagwira ndi chikopa chokha, mulibe fupa lolumikiza, ndipo kakapanda kuchotsedwa chilonda chidzalowa m'mwendo. Anamanga galu kukamwa ndi luzi, napempha munthu wamphamvu woti amupanikize. Abambo anagwira miyendo. Adokotala asanaitane wina aliyense, atsibweni anali atagwada kale, bondo lawo paphewa la galu, dzanja lawo pakhosi. Ndinaona nkhope ya abambo ikuuma. Adokotala anatsuka lumo m'mankhwala, anamanga kaulusi pamwamba pa bala, n'kudula kamodzi. Mudzatopa anadzikoka, kulira kwake kukutulukira m'mphuno, mkodzo uli chuu pafumbi. Kenaka anamupaka jivi, mankhwala aja ooneka ngati inki, mpaka mwendo wonse unasanduka wa mtundu wina.

Atsibweni akudzuka, akusasa fumbi m'mawondo, ndi pamene ananena mawu aja.

"Adokotala, bwanji mungochotseratu ndi chinachi? Nachonso chidzakodwa."

Adokotala anati chala chabwinobwino sangachidule pa galu wamkulu chotere popanda jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo iwo analibe. Nkhani inathera pomwepo. Koma abambo anali atawerama kale, natola kachala kodulidwako pafumbi, n'kukafumbata.

"Alamu, kameneko mukakazinga?" anatero atsibweni, abusa onse n'kuseka.

Abambo anapita m'mphepete mwa dibi n'kukaponya pakati penipeni, pamene ng'ombe imamira mpaka nyanga. Anaima pomwepo kufikira madzi atakhazikika.

Pobwerera tinatsalira m'mbuyo awiri, galu ali paphewa pawo. Tinadutsa m'lupsa, pamene udzu watsopano unali utayamba kuphukira m'ziputu.

"Wamva?" anandifunsa.

"Ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Akuti achotsenso chinacho."

"Choyamba chawalaka, tsopano akufuna chachiwiri. Pamaso pa anthu. Uzikumbukira."

Galu anachira. Pasanapite nthawi anayamba kuponda, kenaka kuthamanga, jivi uja akuzilala pang'onopang'ono. Ine ndinkaganiza kuti galu akachira abambonso achira. Koma iwo anapempha amayi kuti tisamukire ku Nambuma. Amayi anakana. Anati sangasiye munda ndi mayi awo okalamba chifukwa cha chala cha galu, ndipo atsibweni sangalole mbumba ichoke. Ndinkawamva akukambirana kuseri kwa nyumba masiku angapo, mawu a abambo otsika, a amayi otopa. Anzathu anali atayamba kusosa ndi kuunda mizere, koma abambo khasu sanaligwire.

Anachoka mmawa wina nyenje zitayamba kulira. Anamanga mphasa, nkhwangwa ndi bulangete, zimene anabwera nazo pachikamwini. Amayi anakhala m'nyumba osatuluka. Ine ndinawaperekeza mpaka pamlatho wa mitengo, ndikuyembekeza kuti anena kuti tiye. Iwo anaika dzanja pamutu panga n'kunena kuti, "Ndiwe wa eni mudzi, sindingakutenge. Koma chakudya cha kwa atsibweni ako, uziyamba waponyera galu. Akadya, udikire pang'ono, kenaka udye." Anawoloka. Kutsidya anaitana Mudzatopa kamodzi, mosakweza, ndipo galu anawatsatira.

Popeza m'nyumba mwathu munalibenso mwamuna wamkulu, amayi anati ndizikadya ndi atsibweni pansi pa mango. Ndinkasamba m'manja pambuyo pawo, monga mwa ulemu. Aliyense ankapatsidwa kambale kake ka ndiwo. Ndinkatema mbamu yoyamba, kuisunsa m'kambale kanga, n'kuiponyera Kwanunkuti, amene ankakhala chapatali akugwedeza mchira. Kenaka ndinkachita ngati ndikuchotsa munga kuphazi, uku ndikumuyang'ana galuyo ngati agwe. Ndinkadziona wochenjera kwambiri. Masiku oyamba atsibweni anangoti, "Iwe, galu wanga umunenepetsa." Ndinaseka nawo.

Kenaka atsibweni anayamba khalidwe lachilendo. Tikangokhala pansi, ankatambasula dzanja, kusunsa mbamu yawo m'kambale kanga, osati kawo, n'kudya pang'onopang'ono akuyang'ana kumbali. Tikapatsidwa thobwa, ankayamba amwako m'chikho changa n'kundipatsira. Chinangwa ankachibenthula n'kudya mbali imodzi. Ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku, osanena kanthu, kufikira mvula yoyamba inagwa n'kuzimitsa fungo la lupsa. Ine ndinkapsa mtima. Ndinkati munthuyu wathamangitsa abambo anga, tsopano akundidyeranso ndiwo. Ndinakauza amayi kuti atsibweni ndi osusuka. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikatsekere nkhuku.

Patapita zaka ndinakawaona abambo ku Nambuma. Mudzatopa anali atakalamba, ndipo kachala kachiwiri analibenso. Kanakodwa m'mapesi a m'munda mwawo momwemo, kutali ndi Nsaru. Abambo anandiuza kuti dzanja la atsibweni ako ndi lalitali, ndipo ine ndinavomera.

Ndaweta agalu ambiri kuchokera nthawi imeneyo. Ndaona kuti chikhadabo chosaponda pansi sichiperepeseka ngati zinazo, chimangokula n'kupindika, ndipo chimakola chilichonse chimene galu wadutsamo. Chaka chatha mdzukulu wanga anapita ndi galu wake kwa dokotala wa ziweto. Anamubaya jakisoni, galu anagona, anachotsa zala zonse ziwiri n'kusoka, ndipo palibe amene anafunsa kumene zatayidwa. Zimene zinachitika m'bango tsiku lija sindinazione, ndipo sindidzazidziwa. Mwinanso abambo anali atatopa kale ndi kulima munda wa eni, ndipo ankangosowa pochokera.

Chimene ndachimvetsa, mochedwa ngati sukulu yanga, ndi dzanja lija m'kambale kanga. Atsibweni anali mlimi wa fodya, munthu woona tsamba limodzi lodwala m'munda wonse, ndipo sizikanatheka kuti asaone mwana akuyesa chakudya chawo pa galu. Akanatha kundimenya, kapena kuitanitsa amayi kuti afotokoze. Iwo anasankha kulawa okha, kuti ndidye. Ndi iwonso amene anadzapeza mbusa wina n'kunditengera kusukulu. Anamwalira ine ndikuwapatsabe moni wa patali, ndipo pamaliro awo ndinadya nditayamba ndayang'ana ngati pali galu pafupi.