Mabotolo a Asiyatu

Loweruka lapitali ku Lirangwe ndinapeza Asiyatu, mwana wa achemwali anga, atakhala pakhonde manja ali kunkhongo. Pathandala panali mabotolo otsukidwa bwino, ali mbee.

Mtsikanayu akumaliza maphunziro a sayansi kuyunivesite. Sabata yonse anazungulira m'madambo mpaka ku Chileka akutunga m'mabotolo madzi obiriwira a ndere, oti akawapime Lolemba. Popanda madziwo, chaka chino samaliza sukulu.

Koma mayi ake amagulitsa thobwa. Inu mukudziwa, kwathu kuno botolo la pulasitiki silikhala pa ulova.

"Achimwene, ine ndimati ndimuthandize," anatero achemwali. "Zonyansa zija ndataya, mabotolo ndatsuka ndi sopo. Ndalakwa?"

Ndinafuna kuseka, koma misozi ya mwana inandiletsa. Ndinangomufunsa kuti m'madzimo munali chiyani.

"Amalume, muli mabakiteriya amene amapanga chakudya ndi dzuwa, ngati chimanga. Khungu lawo lakunja ndi la mafuta olumikizana ndi shuga. Mafuta amazika m'khungumo, shuga amatulukira kunja ngati ubweya. Tizilombo ta taifodi nato tili ndi khungu lotero, ndipo limabweretsa malungo aakulu. La m'nderemu silivuta choncho. Ndikufuna ndione kuti mafuta ndi shuga wake akusiyana pati."

Achemwali anamanga chitenje. "Mafuta ndi shuga? Ndiye osanena bwanji? Ine ndimayesa ndi zachingerezi zokhazokha!"

Apa mpamene pali vuto lathu. Mwana timamutumiza kusukulu, tikamafunsidwa timangoti "akuphunzira zasayansi". Nayenso amatiyesa osamva, safotokoza. Tonse timagwirizana kukhala chete mpaka tsiku la sopo.

Zimene zinatsatira zinandikoma mtima. Achemwali anaitana anzawo a pamsika ndi akabaza, Asiyatu n'kumauza aliyense dambo loti akatungeko madzi ena. Ine ndemwe ndinapinda buluku n'kulowa m'matope, ndipo nsapato imodzi inatsala komweko. Sindikuidandaula.

Lamulungu achemwali sanagulitse thobwa, chifukwa mabotolo onse anali obiriwira. Anakhala pambali pake ngati alonda. Mlamu wanga atangoyandikira, anamukalipira: "Musakhudze! Muli mafuta ndi shuga wa Asiyatu!"

Lolemba m'mawa mwana anakwera minibasi akuseka, chikwama atachikumbatira.

Nanga inu, wanu uja akuphunzira chiyani kwenikweni? Munamufunsapo, kapena mukudikira kumutsukira mabotolo?