A Kabotolo ndi Mankhwala a m'Thanki

Pa siteji ya matakisi panalibe ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Kabotolo, chifukwa m'galimoto mwawo simunkasowa kabotolo ka mankhwala otsuka njira za mafuta, aja othira m'thanki pamodzi ndi petulo. Injini ikatsokomola, kabotolo. Ikachita ulesi pachitunda, kabotolo. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lina tayala likadzaphwa adzathiranso m'thanki.

Galimotoyo inali yakalekale, koma ankaipukuta mpaka munthu n'kudziona nkhope pachitseko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ankatero mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene anali makaniko pa galaja ya kuseri kwa msika.

"Alamu, thanki iyi titsitse tiitsuke, sefa ya mafuta tisinthe. Muli dzimbiri umu."

"Isiyeni, alamu. Chinthu chikatsegulidwa sichibwerera mwakale."

Mawu amenewa sanali a galimoto yokha ayi. Ali mnyamata, bambo awo analowa m'chipinda cha opaleshoni akuseka ndi anamwino, n'kutulukamo atawafunditsa nsalu mpaka kumutu. Kuchokera pamenepo a Kabotolo ankakhulupirira chothira ndi chomwa basi. Mpeni ndi sipanala ankazida mofanana.

Ndiye akazi awo atayamba kudandaula m'mimba, dokotala n'kunena kuti pali chotupa chofunika kuchotsa, a Kabotolo anawagwira dzanja n'kubwerera nawo kunyumba. Anagula mapilitsi, anagula mankhwala akumwa amitundumitundu, mpaka pawindo la kuchipinda panadzaza mabotolo. Musati sankawakonda. Ankawakonda kwabasi, ankawasisita mapazi m'mawa uliwonse asanapite ku siteji, ndipo n'chimene chimapweteka pankhaniyi. Podzavomera kuti apite kuchipatala n'kuti madzi atafika kale m'khosi, ndipo dokotala anangopukusa mutu.

Mayiwo anagonekedwa m'chipatala kwa kanthawi. Tsiku lina anawakoka malaya amuna awo kuti awerame.

"Abambo, ine ndatopa nawo makoma ano. Ndikagone pabedi langa, ndizikaona makina anga osokera aja pawindo. Mundifikitse ndili moyo."

"Ndikufikitsani, amayi. Mawa lomwe lino."

Kutacha a Kabotolo anaima pafupi ndi galimoto yawo mtima uli m'mwamba. Injini inali itayamba kunjenjemera ikaima pamphambano, ndipo ankadziwa kuti kugwedezeka pang'ono pokha mayiwo ankaluma mano. Anafuna ulendo wosalala. Anatsegula kabotolo n'kuthira, kenaka anaganiza kuti lero si tsiku loumira, n'kuthiranso kachiwiri, m'thanki momwe mafuta anali ochepa.

Popita inayenda bwino ndithu. Anamwino anawathandiza kuwagoneka mayiwo pampando wakumbuyo, mutu pamtsamiro, bulangete mpaka pachifuwa. A Kabotolo anayendetsa mozemba maenje, maso ali pamsewu, khutu lili kumbuyo.

Atadutsa mlatho, injini inatsamwa. Inakoka, n'kusiya, n'kukokanso, kenaka zii. Anaikankhira m'mbali, pafupi ndi mpanda wa fakitale ina, pamalo opanda ngakhale mthunzi. Anapotokola kiyi mpaka dzanja kuwawa, koma injini inkangolira osadzuka. Takisi ya mnzawo inaima, koma atayesa kuwanyamula mayiwo kuti awasamutse, anabuula mwakuti onse awiri anachotsa manja. Apa m'pamene a Kabotolo anaimbira mlamu wawo.

Makanikoyo anafika panjinga yamoto, n'kusuzumira kaye mlongo wake pawindo. Anagona pansi pa galimoto, n'kumasula sefa ya mafuta, n'kuigogoda pamwala. Munatuluka matope ofiira.

"Mwathira angati?"

"Awiri."

"Agwira ntchito, alamu, sanakunamizeni. Atsukadi. Koma litsiro la zaka zonsezi mumati likachoka lipita kuti? Walira mvula walira matope."

Sanakalipe, ndipo a Kabotolo akanakonda akanawatukwana. Anasiya mlamu wawo akuika sefa ina, iwo n'kukagwada pachitseko chakumbuyo, n'kumawakupiza mayiwo ndi chipewa. Dzuwa linali litakwera, ndipo m'galimotomo munkatentha.

"Tafika, abambo?" anafunsa mayiwo ali chitsinzinire.

"Tatsala pang'ono, amayi."

"Windo lija mutsegule."

"Nditsegula."

Anawapukuta thukuta pamphumi. Kenaka mlamu anaitana kuti ayese, ndipo a Kabotolo anathamangira pachiwongolero. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, ikulira mofewa ngati yatsopano. Makanikoyo anabwera kudzatseka chitseko chakumbuyo, koma anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lake lakuda ndi girisi lili patsaya la mlongo wake. Anakokera bulangete m'mwamba mpaka kumutu, n'kutseka chitsekocho mosaphokosera, n'kudzakhala kutsogolo. Njinga yake anangoisiya pampanda pomwepo.

A Kabotolo anaona zonsezi pagalasi, koma sanafunse. Analowetsa giya n'kunyamuka, akuzembabe maenje, akuwauza akazi awo kuti apa tadutsa msika, apa takhota pa chigayo, nyumba ndi iyo ikuoneka denga. Galimoto sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Chiigulireni inali isanayendepo bwino chonchi.